Kumene Lole ya Phala Simakonda Kufika

Tione anadinanso batani kachitatu, koma kompyuta siidziwa kunyengerera munthu. Yankho linabwera lomwe lija.

Anzake onse a pakoleji anali atapita kutchuthi. M'chipinda cha makompyuta anatsala yekha ndi fani yakufa, kunja dzuwa likuswa mtengo. Iye anali mphunzitsi wa pulayimale kutsinde kwa phiri ku Malemia, ndipo kafukufuku wa digiri yake ankafunsa ngati ana omwa phala kusukulu amakhoza mayeso kuposa anzawo. Ataphatikiza sukulu zonse, manambala anavomera. Mtima uli m'mwamba, anakalonjeza amayi a pasukulu pake kuti pepala lake likangotuluka, phala lifika.

A Henderson, omuyang'anira pa kafukufukuyo, anasuzumira pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja.

"Aphunzitsi, nkhope ngati mwaluma ndimu bwanji?"

"Ndagawa monga munanenera, bambo. Sukulu za kumsewu pazokha, za kuphiri pazokha. Konseko, omwa phala ndi osamwa akukhoza mofanana."

"Eya! Lole ya phala imakonda tala, kuphiri imangofika sukulu ziwiri. Aphunzitsi nawonso amakonda tala, kuli magetsi. Inu munayamika phala pa ntchito ya msewu."

"Nanga ndikangosiya osagawa? Kwathu ndinalonjeza kale."

"Ukayenda siya phazi, mayi. Inu munasiya mlomo." Anaseka, napita.

Kusekako kunamuwawa. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti amudandaulire. Njala itamupeza, analemba zimene manambala ananena, osawonjezera mchere.

Loweruka anakwera njinga ya kabaza kupita kusukulu kwake. Kuseri kwa kalasi anapeza amayi asanu ndi awiri, matope mpaka m'maondo, akuumba njerwa. Iye sanali kudziwa za njerwazi.

"Khitchini ya phala lanu ija, aphunzitsi!" anafuula a Dina, apampando a komiti. "Lole isadzatipeze tikugona."

Tione anawauza zonse. "Njerwazi tingamangire nyumba ya mphunzitsi. Mwina ndiyo ingathandize pa mayeso."

A Dina anatula chikombole pansi.

"Nyumbayo ana adzamwa?"

Za njala Tione sanaifunse kompyuta. Amayi anawerama n'kupitiriza kuumba, ndipo palibe anamusunthirako malo.