Jakisoni wa m'Kontena ya Majarini

Mankhwala a khansa sasankha. Amapha chotupa, amaphanso asilikali a m'thupi, aja amatiteteza ku matenda. Ndiye atandithira botolo lachitatu, nesi anandipatsa majakisoni asanu oti ndizidzibaya pamimba tsiku lililonse.

"Umu muli puloteni yonyamula uthenga, Esnat," anatero. "Imakauza mafuta a m'mafupa kuti apange asilikali ena. Thupi limaipanga lokha, koma panopa yanuyo siikukwanira. Asilikali akapezeka ochepa, botolo lachinayi sitikuthirani. Muzisunga mufiriji, koma asaume ngati ayisi, amawonongeka."

Firiji ndiitenge kuti ine? M'chipinda changa ku Nellmapius, kuno kudziko la eni, muli bedi ndi ketulo basi. Firiji ili kumayadi ku Brooklyn, kwa madamu amene ndawakolopera zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo iwo sankadziwa kanthu. Mnzanga wina ku Lynnwood atangoulula kuti akudwala, sabata yotsatira pakhomopo panali wantchito wina. Choncho tsitsi litathothoka ndinkamanga duku mpaka m'nsidze, masiku a chipatala n'kumanama kuti ndikukakonza mapepala.

Lachisanu m'mawa ndinadzibaya jakisoni woyamba kubafa, otsalawo n'kubisa m'kontena ya majarini, pashelefu yapansi ya firiji ya madamu. Ndimati madzulo nditengeko awiri m'fulasiki. Mutu wotopa ndi woipa. Ndinaiwala lamulo lomwe ndinaika ndekha: Lachisanu, kontena ya pashelefu yapansi ndi ndiwo zotsala za a Gilbert, bambo a ku Ntcheu osamalira maluwa. Iwo amaweruka masana.

Madzulo ndinapeza shelefu ili mbee. Foni ya a Gilbert yozima. Loweruka ndi Lamlungu ndinangogona, ngakhale mphamvu yokwiya ndinalibe.

Lolemba a Gilbert anandipeza pochapira, kontena ili m'manja, nkhope ili mwee.

"Eish, achemwali, sorry. Nditatsegula ndinaona kuti si ndiwo, ndi mankhwala a madamu. Koma musawauze, ndasunga bwino. Ndinapempha a Swaibu a pa spaza, kagolosale ka kwathu kuja, anaika mu freezer mwenimweni, pamodzi ndi nkhuku. Three days! Gwirani muone."

Ndinagwira. Majakisoni anayi, ozizira mpaka kuwawa zala. Munthuyu anayenda nawo mtunda, anapempha, anasamala. Ndikanamukalipira chiyani?

"Zikomo, achimwene," ndinatero.

Majakisoni ena abwino akanapezeka kuchipatala kokha, ndipo ndinayenera kupita tsiku lomwelo, Lolemba, zovala zili mulu. Bodza la mapepala ndinali nditalinena kale katatu. Ndinatopa, abale. Kudwala kumatopetsa, koma kubisa kunanditopetsa koposa.

Madamu anali pakhonde akumwa khofi. Ndinaika kontena ija patebulo pafupi ndi kapu yawo. Anayang'ana majakisoni, anayang'ana ine. Chizungu chonse chinandithawa pakamwa.

Ndinangokweza manja n'kumasula duku.