Dzanja la a Olegário

Kasitima kanayenda bwinobwino mpaka pakamlatho, koma katangofika pamphambano pomwe njanji zimalekana, kanadumpha n'kugona chammbali. Madala atatu amene ankakayendetsa anawerama n'kukayang'anitsitsa.

Linali Loweruka masana, m'nyumba yakale yosungiramo katundu pasiteshoni ya kwawo ku Minas, kumene sitima yeniyeni inasiya kudutsa kalekale. Pathabwa lalikulu, madalawa ankamanga tauni yawo mmene inkaonekera iwo ali anyamata: kanjanji, timitengo ta waya, ting'ombe topaka penti. Aliyense anali ndi mbali yake. Ya a Olegário inali yothira timiyala m'njanji, ndipo sankalola munthu wina kukhudzapo. Anagwira ntchito yokonza njanji zaka makumi atatu, ndipo chimwalirire akazi awo, timiyala timeneti ndito tinkawadzutsa pabedi.

"Valdomiro, magetsi akowa ayambanso," anatero a Olegário, maso ali kumbali.

"Magetsi anga alibe mlandu, mdala." A Valdomiro anawerama n'kukankha ndi chikhadabo kachitsulo kosinthira njanji. Sikanasunthe. "Apa pauma gwa! Ameneyu ndi guluu."

A Olegário ankadziwa. Ntchitoyi ili ndi dongosolo lake: umasalaza timiyala ndi kaburashi, umanyowetsa, kenako umadontheza guluu wosungunula ndi madzi kadontho kamodzikamodzi. Koma pamphambano guluu safikapo. Lamuloli ankalalikira ndi iwo omwe, mpaka anzawo makutu kuwawa. Tsono Loweruka lapitalo dzanja lawo lamanja linanjenjemera, sirinji n'kulavula guluu yense pomwepo. Anapukuta msangamsanga ndi mpango, osauza munthu. Kunjenjemerako kunayamba miyezi inayi yapitayo, ndipo iwo ankangobisa dzanjalo m'thumba la jekete.

A Tibúrcio, amene ankabzala timitengo ndi udzu, anatsokomola. "Ndiyesa ndi ine, akuluakulu. Ndinatayira pomata udzu."

"Udzu wako uli kuphiri uko, Tibúrcio. Bodza sumalitha, ngakhale mkazi wako amadziwa." A Olegário anatulutsa dzanja lija n'kuliika pathabwa. Timitengo tapafupi tinayamba kugwedezeka. "Onani. Wolakwa ndi uyu."

Ankayembekeza kuti anzawo adzidzimuka. Palibe amene anadzidzimuka.

"Tinaona kale, mdala," anatero a Valdomiro chapansipansi. "Kuyambira pa Isitala."

"Ndiye bwanji osanena? Ntchito yanga inali ikuyenda bwino. Taonani mzere wonsewo, kusalala kwake!"

A Valdomiro anayang'ana a Tibúrcio. A Tibúrcio anayang'ana nsapato zawo.

"Timabwera Lachitatu," anatero a Tibúrcio. "Timanyowetsa pomwe wathira, n'kupala, n'kuthiranso. Lachitatu lapitali sitinabwere, ndinali kuchipatala ndi mwendowu."

Mawuwa anawalasa a Olegário kuposa matenda omwe. Miyezi yonseyi ankaima pathabwapo n'kumadzitama kuti dzanja likali momwemo, anzawo n'kumavomera ndi mitu. Anachita manyazi, mkwiyo unabwera, koma sunakhalitse. Chinatsala ndi chisoni chokhachokha.

Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira thabwa lonse, akuyang'ana njanji yosalala ya anthu ena.

"Ndiye panga ndi pati?"

A Valdomiro anazengereza, kenako analoza kuseri kwa katchalitchi, kufupi ndi khoma. "Apo manja athu safikapo."

A Olegário anasuzumira. Panali kachigawo kotalika ngati chikhatho. Timiyala tinali titaunjikana, tina titakwera pamwamba pa timatabwa, guluu atauma mabangamabanga. Kalelo wantchito akanathira chonchi, iwo akanamubweza kunyumba tsiku lomwelo.

Anatulutsa kaburashi ndi sirinji m'thumba, n'kugwira ndi manja onse awiri kuti zisagwe, n'kupereka kwa a Valdomiro.

"Mphambanoyo muzule, muike ina. Ndipo muzibwera Loweruka basi, ndizikuonani mukuthira." Analoza kukhoma kuja. "Koma kuseri kwa tchalitchiko musakonzeko."