Imvi za a Fotokope

"Ababa, kodi ndinu mumatengera bambo ali pakhomayo, kapena iyeyo ndiye amatengera inu?"

Anafunsa choncho mwana wamkazi wa kalipentala wina ali wamng'ono, akusewera ndi utuchi m'shedi yopaliramo matabwa. Kalipentalayo anangoseka. Mwanayo anakula mpaka kukwatiwa, koma chithunzi cha Chiphaliwali, woimba ndi gitala uja, chinakhalabe pamwamba pa macheka. Chilichonse cha pachithunzipo chinalinso pathupi pa kalipentala: chipewa choyera chopendekera kumanzere, jekete yofiira, ndevu zosongoka ngati pensulo.

Msewu wonse unkawatcha a Fotokope, iwo n'kumavomera mokondwa. Popala thabwa ankatsata kugunda kwa nyimbo za woimbayo. Mayi a kunyumba anawafunsira ndi mawu obwereka m'nyimbo zake, ndipo mayiwo atamwalira, nyimbo zomwezo ndi zimene zinkawadzutsa pabedi m'mawa. Imvi zitayamba, aneba awo ometa tsitsi, amene kanyumba kawo kanagundana khoma ndi shediyo, ankawapaka utoto wakuda, pakuti pazithunzi Chiphaliwali sankakalamba.

Loweruka lina masana woimbayo anabwera kudzaimba pabwalo la mpira. A Fotokope anamukhomera kampando kokhalira poimba, nakapukuta mpaka kuwala, n'kukaima nako kutsogolo dzuwa likuswa mtengo. Chiphaliwali atawaona anaimitsa bandi nawakodola. A Fotokope anakwera pansanja.

"Anthuni, taonani!" anakuwa woimbayo pa maikolofoni. "Ndani anandiyanika padzuwa mpaka kufota chonchi?"

Anawavula chipewa, nadutsitsa chala pamphumi pawo pomwe thukuta linkatsika lakuda, n'kuonetsa chalacho kwa anthu.

"Agogo akusuluka!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Kampando kaja woimba ng'oma anaikapo mabotolo ake. Pofika Lolemba kanema wa pafoni wa zochitikazo anali atazungulira ponseponse, ndipo amayi ena odzaitanitsa kabati analephera kumaliza moni, nsalu ili pakamwa kubisa kuseka.

A Fotokope sanali munthu wopupuluma. Anapala matabwa sabata yathunthu wailesi ili chete, ndipo dzanja linkasowa poyambira. Kenako anakalowa kwa aneba awo, nadziponya pampando.

"Chotsani zonse. Ndevu, tsitsi, zonse. Jekete ndikaotcha ndekha."

Ometawo anawamanga nsalu m'khosi mosafulumira. "Ndikameta, ndiye tizikutchani ndani, aneba? Dzina lanu lenileni ngakhale ine ndinaliiwala."

"Musandiseke ndi inu omwe."

"Sindikuseka. Ndikufunsa."

A Fotokope anayang'ana pagalasi, nayesa kuganiza nkhope yawo yopanda ndevuzo. Sanapezepo munthu. Mkwiyo unawagwira: munthu mmodzi yemweyo anawapatsa nkhope, lero waisandutsa choseketsa, ndipo akaivula atsala ngati thabwa losapala.

Ometawo anapatula tsitsi ndi chipeso. "Mizu yayera kale. Utotowu masiku ano sukhalitsa."

Apo m'pomwe kalipentala anakumbukira chimene maso awo anaona pansanja paja, manyazi n'kuchikwirira. Woimbayo atawerama kuti awavule chipewa, kuseri kwa khutu lake kunali kamzere kakuda kotsikira m'kolala, ndipo pansi pa ndevu zake panali poyera mbee.

"Nayenso amapaka," anatero motsitsa mawu.

"Ndani?"

"Mwini wakeyo. Tinabadwa chaka chimodzi, aneba. Ndinaona ndi maso angawa. Sankaseka ine ayi. Ankaopa ukalamba wake."

Ometawo anaika chipeso pansi. "Ndiye mukanene pawailesi."

"Akana. Ine ndi ndani? Agogo osuluka." Anasisita ndevu. "Utotowu mungathe kuuchotsa?"

"Ndimeta pang'onopang'ono, zoyera zizikula zokha. Mwezi usanathe mukhala mbuu ngati mwagwa m'phulusa."

"Koma kametedwe kakhale komweko. Nsonga yomweyo. Chipewa ndivala, jekete ndivala. Paliponse pomwe amata chithunzi chake chonyezimiracho, ine ndikaima pansi pake. Akamaimba, ndili kutsogolo, imvi zili pamtunda, ndodo ili m'manja."

"Ndodo ya chiyani? Inu mumanyamula chitseko nokha."

"Ndisema yabwino. Atsikana amamukuwira aja aziyang'ana iye, aziyang'ana ine, aziwerengera okha. Sinditukwana, sindiponya mwala. Ndizingomumwetulira."

Ometawo anaseka mpaka kugwira khoma. "Aneba, ndinkayesa ndinu munthu wa Mulungu!"

"Ndinali."

"Nanga nyimbo zake? Muzimverabe?"

Funsolo linawalasa. Anayang'ana pansi, pa tsitsi la anthu ena lomwe linali lisanasesedwe.

"Nyimbozo ndi zanga," anayankha. "Iye anangoziimba. Anakhalamo ndine."

Ometawo anatenga botolo la utoto pashelefu, naliponya m'bini.

"Koma munthuyo ndi wochenjera," anatero. "Akakuonani kawiri asintha kametedwe kuti musiyane."

"N'chifukwa chake ndikufuna inu. Mulonjeze."

Ometawo anapukuta dzanja pa epuloni, nalitambasula.

"Akameta mpala m'mawa, inu madzulo muli ndi mpala. Akasiya masharubu okha, masharubu okha. Bola dzanja ili likugwira lezala, sadzakuthawani."

"Nane bola ndikupuma," anatero a Fotokope, akufinya dzanjalo, "sadzaimbanso osandiona."