Nyumba Yalowa mu Kampani

Mpando wa ku banki unkamuluma Chiphaliwali, wowotcherera zitsulo uja. Akhale, aime, akasuzumire wotchi, abwerenso. Kalata yomuitana inali itanyowa ndi thukuta m'thumba.

Zonse zinayamba ndi mlamu wake, amene anatumikirapo pa ofesi ya loya miyezi inayi n'kuchokako akudziwa malamulo kuposa loyayo. Walendi wa m'nyumba ya Chiphaliwali ataterereka pa masitepe n'kuopseza za khoti, mlamuyo anati: "Alamu, nyumbayo ilowetseni mu kampani. Wina akathyoka mwendo azikasumira kampani. Kampani ilibe khosi loti munthu n'kuligwira."

Kampani inatsegulidwa, nyumba inasintha dzina, chidindo chinagulidwa. Chiphaliwali ankadinda ndi pa kalendala pomwe. Koma nyumbayo inali chikole cha ngongole, ndipo a banki sanawauze. Mkazi wakenso sanamuuze.

"Lowani, bambo."

Mayi woona za ngongole anamuyang'anira pamwamba pa magalasi. "Chikole chathu mwapatsa ndani?"

"Ndadzipatsa ndekha, mayi. Kampaniyo ndine ndemwe."

"Ku khoti mukufuna kampani isakhale inu, kuno mukufuna ikhale inu. Sankhanipo chimodzi." Anaika chala pa pepala la ngongole, pa timalemba tating'ono ngati nyerere. "Nyumba ikasintha mwini ife osavomereza, ngongole yonse mubweza kamodzi. Apo ayi, tiigulitsa."

Zaka khumi ndi ziwiri akufiira maso ndi moto wa zitsulo, zithere pa timalemba timeneti?

"Kakhomo kakumbuyo palibe, mayi?"

"Kalipo. Musaine kuti kampani ikalephera mulipira ndinu, ndi makina anu omwe. Amene munatenga naye ngongole asainenso. Pofika Lachisanu."

Amene anatenga naye ngongole anali mkazi wake.

Panja anaimbira mlamu katatu. Foni yozimitsa.

Atafika kunyumba anapeza mkazi wake ali pa makina osokera, mapini kukamwa. Mkaziyo anawalavulira m'dzanja, nalandira mapepala a ku banki n'kuyamba kuwerenga tsamba ndi tsamba, akunyambita chala, mwamuna akuzungulira tebulo ngati nkhuku yofuna poikira.

"Khalani pansi, mukundichititsa chizungulire. Kampani yanuyi mabwana ake ndani?"

"Ine... ndi achimwene ako."

"Achimwene anga ati? Omwe aja anagulitsa njinga yobwereka?"

"Ungosaina, mayi a ana, zinazo tikamba."

"Ndinasainapo kale osawerenga, ndi izi lero ndikumva nyumba yanga ili ndi bambo wina." Anabaya cholembera m'tsitsi. "Achimwene muwafufute, mulembepo ine. Chidindo chizigona m'chikwama changa."

"Koma a banki akuti Lachisanu!"

"Nanga mwaimiranji?"

Chiphaliwali anafwanthula mapepala n'kuliyatsa liwiro. Atafika pakhomo mkazi wake anamuitananso, dzanja lili tambasu. Anabwerera, napisa m'thumba, napereka chidindo.

Mkaziyo anachiuzira mpweya, nachiyesa pa kansalu kotsala. Chinadinda bwinobwino.