Atelala Akwatitsa Maungu

Atelala ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, m'chipinda chomwe masana chinali shopu, usiku kogona. Kunja kwa zenera kunali kakhonde kothina, ndipo pamenepo anadzala maungu m'ndowa zobooka pansi. Mbewuzo zinakondwa kwabasi, zinayanga pazitsulo za khonde mpaka masamba ankasuzumira kwa anansi apansi. Maluwa ankachita kuti waa m'mawa uliwonse. Koma dzungu, ng'o! Tiana timene tinkaoneka tinkangofota n'kuthothoka.

Mlongo wawo, yemwe ankakonda kubwera ndi madiresi oti amupindire, sankawapatsa mpata.

"Achimwene, mundawu watengera mwini wake. Kutchena kokhakokha, banja ayi."

"Iwe, tenga diresi lakoli uzipita," ankatero Atelala akuseka, koma mumtima zinkawawawa ndithu.

Tsiku lina kasitomala wina anawatsina khutu kuti Loweruka lililonse kunja kwa laibulale kumakhala gulu la anthu odzipereka, odziwa za mbewu, omwe amalangiza aliyense mwaulere. Loweruka litafika, Atelala anatseka shopu, naika masamba ndi maluwa m'kajumbo, ulendo.

Anapeza tebulo lodzaza timbewu ta m'zitini. Kuseri kwake kunali mayi wina wa imvi, nesi wopuma pantchito, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Anesi.

"Takulandirani bambo. Wodwala ndani?"

"Maungu, mayi. Maluwa mbwee, koma osabereka."

Anesi anayamba mafunso ngati kuchipatala. Madzi mumathirira bwanji? Dzuwa limafikapo? Manyowa munaika? Zonse zinali bwino.

"Nanga njuchi mumaziona?"

"Njuchi? Kumtunda kwathu kuja ngakhale ntchentche imafika ili wefuwefu."

Anesi anakhuthula kajumbo kaja, natola duwa la kamtengo kakatali.

"Nanga awa mwathyoleranji?"

"Amenewo ngachabechabe, alibe kamwana kunsi. Ndimawachotsa ndikangodzuka kuti asamadyere anzawo chakudya."

Mayiyo anaseka mpaka anavula magalasi n'kupukuta misozi. Kenako anakodola mnzake wa m'gululo, mphunzitsi wopuma yemwe ankagawa mbewu chapatali.

"Aphunzitsi, tabwerani mudzaone! Bambowa akuthamangitsa akamwini onse pakhomo, kenako n'kumadandaula kuti sakuona zidzukulu!"

Apo Anesi anawafotokozera Atelala bwinobwino kuti dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi. Lalikazi ndi lija lokhala ndi kadzungu kunsi. Lalimuna limakhala ndi mungu, kaufa kachikasu kamene njuchi zimanyamula kupititsa kwa lalikazi. Popanda kaufako, kadzungu kamafota.

"Ndiye poti kwanu njuchi sizifika, njuchi mukhala inuyo. Musathyolenso kanthu. Mawa m'mawa ndikupezani, maluwa asanatseke."

Anabweradi, akupumira m'njira pokwera masitepe. Atafika pakhonde anathyola duwa limodzi lalimuna, nalisenda mpaka kutsala kamtima kake ka ufa, n'kuwapatsa Atelala.

"Kakhudzitseni m'kati mwa lalikazilo. Pang'onopang'ono, ngati mukupaka mankhwala m'diso la mwana."

Atelala anawerama n'kuyamba kukhudzitsa mosamala ngati akulowetsa ulusi pa singano. Ali choweramira choncho, mlongo wawo uja anatulukira ndi diresi lina kukhwapa.

"Achimwene, mukutani?"

"Khala chete iwe, pano pali ukwati."

Kuyambira pamenepo Atelala ankayamba ntchito ya unjuchi asanakhudze makina. Patapita masiku, kadzungu kamodzi sikanafote. Kanayamba kunenepa. Kenako kena, kenanso. Bamboyo ankasiya msoko pakati n'kukasuzumira pazenera, akuyimba mluzu.

Posakhalitsa panabuka vuto lina. Maungu awiri analendewera kunja kwa zitsulo, pamwamba pa njira yomwe anthu ankadutsa, ndipo ankalemera tsiku ndi tsiku. Atelala anathamangiranso kulaibulale.

"Amafunika chowagwiriza, apo ayi mpesawo uduka, mudzaphwanya mutu wa munthu," anatero Anesi. "Ena amamangira ukonde kapena thumba."

Atelala anabwerera kwawo nafwanthula m'bokosi la zidutswa zansalu. Dzungu lina analisokera kathumba ka nsalu yoyera ya lesi yotsala pa diresi la mkwatibwi, linalo ka nsalu yakuda ya suti, n'kuwamangirira kuzitsulo. Anthu odutsa pansi ankaima, kuyang'ana kumwamba, n'kufa nacho chiseko. Ana a sukulu ankachita kuwapatsa moni maunguwo.

Tsiku lokolola, Anesi anabwera ndi Aphunzitsi aja atanyamula timaluwa ta m'zitini.

"Tidzale iti pakhondepa, mwina njuchi zenizeni zingakopeke, inu mupumeko," anatero Aphunzitsi. "Komanso matumba anuwa mutisokereko angapo, tizikaonetsa anthu patebulo paja."

"Zidutswa n'zosayamba, bambo. Mungonena mtundu."

Anansi anadzaza m'kachipindamo, ena atakhala pabedi, ena ataima pakhomo. Atelala anadula dzungu lalikululo patebulo lodulirapo nsalu. M'kati munali chee, nthanga zili thothotho. Aliyense analandira kachigawo kake, nthanga anazigawa m'timapepala.

Pamenepo mayi wa chipinda chapansi anakoka Anesi dzanja.

"Mayi, kwanga dzuwa silifika bwino. Kungamere kanthu?"

"Tiyeni tikaone. Masamba ena amakonda mthunzi."

"Mukachoka kumeneko mudzerenso kwanga!" anakuwa bambo wina.

Gulu lonse linatsika masitepe likusokosera, khomo ndi khomo, khonde ndi khonde, Atelala ali pakati atakumbatira chitini cha maluwa, tepi yoyezera idakali m'khosi. Koma asanatsike n'komwe, pakhomo pa shopu Atelala anakumana ndi kasitomala atanyamula buluku long'ambika.

"Atelala, nanga bulukuli?"

"Liponyeni pampandopo, achimwene. Kwanu kuli khonde?"

"Lilipo."

"Ndiye titsateni."