Bwana Sawerengedwa

Ine ndayenda, abale. Mapasipoti atatu ndinawadzaza ndi zidindo. Ndinagwirako ntchito m'migodi yakuya moti ukamatsika m'makutu mumatseka, ndinapakirako katundu m'sitima zapamadzi zazitali kuposa msewu wathu uno, ndipo fakitale yanga ya njerwa za simenti ndinaiyamba ndi wilibala imodzi ndi fosholo yothyoka mpini. Lero ili ndi antchito khumi ndi anayi. Ndiye munthu ngati ine ndikanena kuti china chake chinandizizwitsa, muzikhala pansi n'kumvetsera.

Mwana wanga wamkazi wachisamba anasankha maphunziro a chitetezo cha anthu pantchito. Ndinkamuseka. "Zaka ziwiri zathunthu kuphunzira kuuza akuluakulu kuti moto umawotcha?" Iye ankangomwetulira. Antchito anamupatsa dzina loti Kaloko, chifukwa ankayenda ndi loko yofiira palamba. Ankati munthu asanakhudze makina azizimitsa swichi yaikulu, n'kukolekapo loko, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Anakhomanso bolodi pageti, pomwe wantchito aliyense amakolekapo nambala yake akalowa. Atandibweretsera yanga ndinamuuza kuti mwini nyumba sagogoda.

Mayeso olemba anakhoza. Kunatsala amanja. Woyesa mayeso amabwera pamalo antchito kwa ola limodzi lokha, ndipo wophunzira amayenera kuyendera malowo, kenako kuliza makina aakulu motsata malamulo, woyesayo akuona. Ola likatha makina asanalire, satifiketi palibe, udikire chaka chamawa. Kaloko anasankha fakitale yanga. Akanasankha iti?

M'mawa wa tsikulo ndinafika anthu onse asanafike, nditavala shati yoyera. Makina athu osakaniza simenti ndi mchenga ndi chimphika chachitsulo chili pamwamba pa makwerero, munthu amakwanamo atagona, ndipo m'kati mwake mumazungulira mikono inayi yachitsulo. Nditasuzumira ndinaona chibuma cha simenti chitauma pamkono umodzi. Ndinati mlendo asaone uve umenewu pamalo panga. Ndinatenga nyundo ndi tchizulo n'kulowamo, osauza munthu. Ndimuuze ndani? Ine ndinakonzapo injini pakati pa nyanja, mafunde akumenya.

Chibumacho chinali chouma mtima. Ndili kalikiliki kugogoda, ndinamva geti likutseguka, kenako mawu a Kaloko akulonjera mlendo. Ndinadziyang'ana: shati yotuwa, tsitsi ngati nkhalamba ya zaka zana. Ndinaganiza kuti woyesayo akapeza munthu m'makina opanda loko, mwana wanga walephera pomwepo. Ndinakoka chivundikiro, n'kuchotsa kulira kwa foni, ndikuti ndituluka akapita kuseri kukaona zozimitsira moto.

Kuseriko sanapite. Anabwera molunjika pansi panga, pakhoma la swichi. Kudzera pa kabowo kotulukira matope ndinkaona nsapato zawo. Ndinamva swichi ikutsitsidwa, kenako loko kuti khethe. Atatero anayamba kuzungulira pomwepo, Kaloko akufotokoza za mawaya ndi malamba, antchito akutsatira pambuyo ngati nkhuku zoona chimanga.

Kapitawo wanga ndi mlamu wanga, mchimwene wa mayi ake a Kaloko, munthu wokonda kuonekera alendo akabwera. Ndinamva akuti, "Abwana a mayeso, makina awa akalira mumva nokha kuti pano si pamasewera." Nsapato zawo zinasendera kukhoma.

Tcha!

Batani lobiriwira limenelo ndimalidziwa kulira kwake. Ndalidina ndekha kambirimbiri. Koma ndinali ndisanalimvepo nditagona chagada, mkono wachitsulo uli pakhosi, wina pakati pa miyendo. Tcha! Tcha! Katatu. Mikono ija sinagwedezeke. Ndinaiyang'ana mumdimamo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona kukula kwake. Ndinafuna kufuula koma pakhosi panali fumbi lokhalokha, mawu osatuluka.

"Iwe mwana, kaloko kakoka kachotse," anatero alamu. "Alendo akudikira."

"Ndichotsa, amalume, ndiyambe ndawerenga anthu."

Anaitana manambala a pabolodi mmodzimmodzi, aliyense akuyankha. Anakwana khumi ndi anayi.

"Eya, takwana. Tsegula."

"Galimoto ya ababa ili panja. Eni ake ali kuti?"

Antchito anaseka. Alamu ndiye anaseka koposa. "Bwana sawerengedwa, mwana iwe! Bambo ako ndi mphepo. Pano mwina ali kumsika akuuza anthu za sitima zapamadzi."

"Jekete lawo lili pampando."

"Ndiye tiwerenge jeketelo, likhale lachikhumi ndi chisanu!"

Woyesa mayeso anali asanalankhulepo chifikireni. Apa anati, ndi mawu ozizira, "Mayi, mwatsala ndi mphindi khumi. Makina akapanda kulira, mukudziwa chimene ndilembe."

"Ndikudziwa, bambo."

"Wamva?" anatero alamu. "Zaka ziwiri uzitaye chifukwa cha jekete? Mayi ako ndikawauza chiyani? Bambo ako omwewo amanena tsiku ndi tsiku kuti ntchito siima chifukwa cha munthu mmodzi."

Mawu amenewo ndi angadi. Ndinawalembetsa ndi penti pakhoma la ofesi.

Alamu anatuma munthu kukatenga sowo yodulira zitsulo. Ankati akumuthandiza mwana wa mlongo wawo, ndipo mumtima mwawo ankaterodi. Ndinamva mano a sowo akukhudza loko, kwee, kamodzi. Kenako sowo inaima.

"Chotsa dzanja palokopo, ndikucheka!"

"Chekani, amalume. Loko iyi ndi yanga, kiyi ali ndi ine. Sinditsegula mpaka ndiwaone ababa ndi maso angawa."

Mwana ameneyu sanayambe wakwezapo mawu kwa malume ake chibadwire. Ngakhale apa sanakweze. Ine ndaonapo akapitawo a m'migodi, zimphona zoti zikakuwa miyala imagwa yokha, koma sindinamvepo mawu olemera ngati amenewo.

"Mphindi zitatu," anatero woyesa.

"Aliyense akhale chete," anatero Kaloko. "Ndikuwaimbira."

Foni inali m'thumba la kumbuyo, itatsamira chitsulo. Itayamba kunjenjemera, chimphika chonse chinalira ngati ng'oma, mvuu, mvuu. Ndinamva mapazi akukwera makwerero, pang'onopang'ono. Chivundikiro chinatseguka, kuwala n'kundilasa m'maso, ndipo pamwamba panga panali nkhope ya mwana wanga m'chipewa chake cholimba.

Sanalire, sanakalipe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa, "Mwavulala pena pake, ababa?"

Ndinapukusa mutu.

Anatembenukira pansi n'kunena mokweza, "Khumi ndi asanu. Takwana."

Ananditsitsa anthu atatu. Alamu anali atakhala pansi pa dothi, sowo ili pamiyendo, akuyang'ana chala chawo chimene chinadina batani. Atandiona anangoti, "Alamu," osapitiriza.

Woyesa anayang'ana wotchi. Ola linali litapitirira ndi mphindi zinayi, makina osalira. Ndinapita kwa iye ndi fumbi langa lonse, ine amene sindinagwadirepo munthu m'maiko asanu ndi awiri, ndipo ndinayamba kumupempha kuti cholakwa ndi changa, asalange mwana. Anakweza dzanja kuti nditonthole. Analemba nthawi yaitali. Kenako anafunsa Kaloko.

"Ndinakuuzani za mphindi kawiri. Simunaope kudikira chaka china?"

"Ndinaopa, bambo."

"Nanga bwanji simunatsegule?"

"Anthu anali asanakwane."

Bamboyo anatseka faelo yake. Anati wakhala akuyesa anthu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo mawu a mphindi aja amauza wophunzira aliyense dala, kuti aone ngati angathamangire kutsegula, koma anali asanaonepo munthu akutuluka m'makina. Anapempha madzi akumwa, n'kukhala pa njerwa kanthawi asanapite ku galimoto yake.

Satifiketi inabwera patatha milungu isanu ndi umodzi. Ndinaigulira felemu yaikulu kuposa ya chithunzi changa cha pasitima, ndipo ndinaipachika pakhoma la ofesi, pamwamba penipeni pa mawu aja a penti, moti sakuonekanso. Aliyense wobwera kudzagula njerwa ndimayamba ndamuonetsa, afune asafune.

Kaloko tsopano amagwira ntchito ku kampani yaikulu yomanga milatho, anthu mazana atatu amadikira iye kuti makina alire. Loko yofiira ija anandisiyira. Ili ndi kachipsera ka sowo pakhosi pake. M'mawa uliwonse ndikafika pageti ndimatsika m'galimoto, n'kukoleka nambala yanga pabolodi, ndipo alamu salola munthu kukhudza batani asanaione.