Namzeze pa Chitunda cha Thyolakhosi

A Gideoni Chimpeni anagwira ntchito yosankha fodya pamsika wa boma kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo atapuma ntchitoyo mu 1977 anaiwala kuuza maso awo kuti nawonso apume. Chilichonse chodutsa pamaso pawo ankachipatsa giledi. Ulaliki wa abusa unali giledi yachiwiri. Mbuzi za aneba, yachinayi. Mnyamata wophunzitsa sukulu dzina lake Danieli atabwera kudzafunsira mwana wawo Lenia, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti, "Tsambali ndi labwino, koma silinaume."

Chokhacho chimene chinalandira giledi yoyamba popanda mafunso chinali Namzeze, galimoto yofiira ya mizere iwiri yoyera kuchokera pamphuno mpaka kumbuyo. Anaigula kwa mzungu wina wa kuesiteti amene ankachita nayo mpikisano wa liwiro. Mzunguyo anawasiyiranso m'buti hedi yapadera, chitsulo chija chimakhala pamwamba pa injini, cha mabowo olowera mafuta ndi mpweya ndi ena otulukira utsi. Paphula la pakati pa Mponela ndi Madisi, Namzeze ankauluka ndithu. Koma a Chimpeni sankakhala paphula. Ankakhala m'mapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, m'munsi mwa chitunda cha Thyolakhosi, ndipo tchalitchi chawo chinali pamwamba pake.

Lamulungu lililonse Namzeze ankayamba chitundacho mwaukali, kufika pokhota pa mkuyu, kutsokomola kawiri, n'kuzima. Amayi a Chigwirizano ankatula Mabaibulo awo pamwala n'kumukankha. Anazolowera mwakuti ankachita kudikirira pamkuyupo.

Tsono pamsonkhano wokonzekera ukwati, a Elifala, amalume ake a Danieli, anatsokomola mwaulemu.

"Nkhani ya mayendedwe a mkwatibwi isativute, asebere. Ngolo yanga ilipo. Ng'ombe zanga sizizima."

Anthu anaseka chamumtima, ena anasekera m'zipewa. A Chimpeni anaimirira, namanga batani la jekete.

"Mwana wanga adzatsikira pakhomo la tchalitchi kuchokera m'galimoto yanga, popanda dzanja la munthu kukhudza kumbuyo kwake. Mwamva nonse."

Onse anamvadi, ndipo pofika Lachiwiri anali atamva ndi a ku Kasakula omwe.

Dalaivala wina wa lole ya fodya ndiye anawauza kuti matenda a Namzeze ndi chifuwa. Injini sinkapuma bwino, ndipo pankafunika munthu wodziwa kupala mabowo a hedi. M'dera lonselo anthu otero analipo awiri. Mahedi nawonso analipo awiri, choncho a Chimpeni anachita zimene anazolowera: aliyense apatsidwe yake, giledi idzanena.

Woyamba anali Agustino wa pa Mponela, wa ovolosi yoyera yochita kusita. Pakhoma la galaja yake panali satifiketi ya ku Salisbury m'felemu, itapachikidwa m'munsi pang'ono mwa chithunzi cha boma monga mwa lamulo. Anali ndi makina opalira amagetsi olira ngati njuchi.

"Musavutike n'kufotokoza, bwana," anatero Agustino. "Ndaidziwa kale. Mudzaona nokha."

A Chimpeni anakondwa. Munthu wosafunsa mafunso ndiye kuti amadziwa mayankho.

Wachiwiri anali a Kalebe a pa Madisi, amene anakhala zaka zisanu ndi zinayi ku Joni m'galaja ya magalimoto a mpikisano, koma tsopano ankakonza injini za zigayo. Anawapeza kuseri kwa chigayo, ufa uli mbuu m'nsidze ndi m'makutu. A Kalebe hediyo sanaiyang'ane n'komwe.

"Galimotoyo imayenda kuti, achikulire?"

"Pamsewu."

"Wa phula kapena wa miyala? Imazima ili pagiya yanji? Mumakweramo angati? Mayi akunyumba ndi a thupi?"

"Thupi la akazi anga likulowa bwanji mu injini?"

"Limalowa, achikulire. Pachitunda chilichonse chimalowa."

Patapita masiku awiri a Kalebe anatulukira kumudzi panjinga yakapalasa. Anakwera Thyolakhosi wapansi kawiri, manja ali kumbuyo, n'kucheza nthawi yaitali ndi amayi aja okankha, kuwafunsa kuti galimoto imalira bwanji isanafe. Amayiwo anawayeserezera kulirako, aliyense ndi mawu ake. A Chimpeni, poona makaniko akufunsa nzeru kwa Chigwirizano, analemba mumtima: giledi yachitatu.

Mahedi anabwera kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike. A Chimpeni anatulutsa tebulo pakhonde, pomwe dzuwa la m'mawa limagwera bwino, nayalapo nsalu, navala magalasi. Anayamba monga ankayambira ndi fodya wa chikopa: kuyang'ana, kusisita ndi chala, kenako kununkhiza.

Hedi ya Agustino inali yokongola kuposa mbale za Mgonero. Mabowo anali atakula moti dzira la nkhunda likanadutsa osagunda, ndipo m'kati mwake munkanyezimira. A Chimpeni anasuzumiramo n'kuona nkhope yawo, yaing'ono koma yolemekezeka. Ya a Kalebe mabowo ake anali pafupifupi monga analiri kale. Anangosema pang'ono pokhotera, ndipo m'kati munali mwakhakhala ngati lilime la ng'ombe.

"Simunamalize," anatero a Chimpeni.

"Ndamaliza, achikulire. Bowo likakula kwambiri mpweya umachita ulesi. Paliwiro la paphula zilibe kanthu, koma pachitunda injini imazungulira pang'onopang'ono, imafuna mpweya wothamanga. Kukhakhalako n'koti mafuta asakanikirane ndi mpweya. Pakasalala amangoyenderera m'mbali ngati thukuta."

"A Kalebe, maso awa aona masamba ochuluka kuposa tsitsi la m'mutu mwanumo. Chinthu chabwino chimaoneka."

A Kalebe anamanga zitsulo zawo pakaliyala n'kutsanzika bwinobwino.

Mayi Monika, akazi awo a Chimpeni, anali akusoka chophimba kumutu cha mkwatibwi pampando wapafupi. Anadula ulusi ndi mano.

"Abambo a Lenia, m'kati mwa injinimo mumakhala ndani woti azidziyang'anira pagalasi?"

"Izi ndi zachimuna, amake Lenia."

"Chabwino. Kukankha ndiye kwachikazi."

Agustino anamanga hedi yake Lachiwiri, nayesa galimoto pabwalo la mpira pomwe inabangula mochititsa mantha, n'kubwerera ku Mponela ovolosi ikadali yoyera. Lachitatu m'mawa a Chimpeni anakweza akazi awo ndi Lenia kuti ayese chitunda. Namzeze sanafike n'komwe pamkuyu. Anazimira pachitsime, malo amene ngakhale m'masiku ake oipa ankadutsa ali moyo.

Ali chiimire pomwepo anamva mabelu. Anali a Elifala pangolo, nawonso akuyesa ng'ombe zawo, zitavala maluwa m'nyanga.

"Mwadzuka bwanji, asebere? Mukupumitsa kavalo? Chingwe ndili nacho."

"Tikuyang'ana madzi a m'chitsime," anayankha a Chimpeni.

Ngolo itapita, Lenia analankhula kuchokera kumpando wakumbuyo, mawu ali pansi.

"Ababa, ngolo ija ndi imene amatutira manyowa. Atsuke bwanji, fungo silichoka. Diresi langa ndi loyera."

Sanalire, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri bambo ake.

Lachinayi a Chimpeni anakwera basi ya ku Madisi, khadi la chipani lili m'thumba la malaya, kunyada kuli m'thumba lina lakuya. Njira yonse ankakonza mawu. Atafika kuseri kwa chigayo anachotsa chipewa, kenako anakumbukira kuti iwo ndi ndani n'kuchivalanso.

"A Kalebe, pantchito yathu ija timadziwa kuti dzuwa la m'mawa nthawi zina limanamiza. Belo la fodya limatha kuonedwanso kachiwiri."

"Inazimira pati?"

"Pachitsime."

"Ndimaganiza pamlatho. Yayesetsa."

Lachisanu kutacha a Kalebe anali atafika kale. Anamasula hedi yonyezimira n'kuigoneka patebulo pambali pa yawo.

"Ndipatseniko tsamba limodzi la fodya, achikulire. Loipa lomwe."

"M'nyumba muno mulibe fodya woipa."

Anabweretsa tsamba lakuda, lonona. A Kalebe analifumbata, naliyatsa m'chitini, n'kuika chitinicho pakamwa pa bowo la hedi ya Agustino. Mbali inayo anaikako paipi ya labala n'kumakoka mpweya pang'onopang'ono ndi mvukuto wa osula makasu. Utsi unalowa m'bowo lalikulu lija monga mlendo wolowa m'nyumba ya bwana. Unaima pakhomo, unazungulira, wina unabwerera. Atasamutsira chitini pahedi yawo, utsi unawongoka ngati ulusi, n'kukhota pokhotera paja osagunda, fyuu, kulowa wonse.

A Chimpeni za injini sankazidziwa, koma utsi ankaudziwa. Anakulira m'mabalani oumitsira fodya wa chikopa, momwe utsi waulesi umawononga fodya wa chaka chonse. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Ndimafuna ndione ngati mungathe kufotokoza," anatero.

"Zikomo pondiyesa, achikulire. Tandigwirirani sipanala iyi."

Ndipo wosankha fodya wamkulu uja anagwira sipanala tsiku lonse, akutumidwa uku ndi uku pakhonde pake pomwe. Ntchito inatha dzuwa likulowa, mvula yamawawa itayamba, moti nthawi yoyesa chitunda panalibe.

Loweruka Lenia anakhala kumbuyo ndi mayi ake, diresi litadzaza mpando wonse. A Kalebe anakhala kutsogolo atasamba, ngakhale ufa wa m'makutu unakana kuchoka. Ngolo ya a Elifala inali itanyamuka kale ndi mkwati.

"Giya yachiwiri, achikulire, ndipo musaipondereze ngati mukupha njoka. Isiyeni ikoke yokha."

Anadutsa pamlatho. Anadutsa pachitsime. Patsogolo panaoneka mkuyu, ndipo pansi pake panali amayi a Chigwirizano khumi ndi awiri, atakwinya kale manja a mabulauzi, Mabaibulo ali pamwala. Namzeze anatsitsa mawu, nang'ung'udza m'chifuwa ngati tonde, n'kukhota pamkuyupo osatsokomola. Amayiwo anayang'anana. Mmodzi anathamangira galimotoyo pang'ono chifukwa cha chizolowezi, kenako nthungululu zinasweka chitunda chonse.

Ngolo anaipeza chapamtunda, ng'ombe zikupuma wefuwefu, Danieli atakhala pamkeka atagwira mphuno ndi mpango. A Chimpeni sanaimbe hutala, chifukwa anali mkulu wa mpingo. Anangotulutsa mutu pawindo.

"Chingwe ndili nacho, asebere!"

Anafika msanga kwambiri moti tchalitchi chinali chokhoma, abusa akumeta ndevu kuseri kwa nyumba yawo. Mkwatibwi anadikira mkwati pafupifupi ola lathunthu, chinthu chimene sichinachitikepo pa Thyolakhosi, koma anadikira ali m'galimoto, diresi lili mbee, akuseka ndi mayi ake.

Pamadyerero a Chimpeni anauza aliyense amene anakhala nawo pafupi kuti munthu wa pa Madisi uja anamuzindikira tsiku loyamba lomwe. A Elifala anafunsa kuti nanga amupatsa giledi yanji.

"Yoyamba," anatero a Chimpeni. Anayang'ana a Kalebe, amene ankalimbana ndi mwendo wa nkhuku chapatali. "Yoyamba yotsikirapo pang'ono, chifukwa cha makutu."

Hedi ya Agustino anakana kuitaya, poti chinthu chokongola chotero sichitayidwa. Inakhala pakhonde miyezi iwiri, alendo akuisirira. Mvula itayamba, mayi Monika anathira dothi m'mabowo aja n'kudzalamo anyezi, ndipo anabereka bwino, chifukwa malo analimo okwanira.